Amayi akuiwalaiwala: kodi jakisoni wa ku America angawachize?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Lilongwe. Amayi ake a zaka 76, omwe amakhala kumudzi ku Dedza, ayamba kuiwalaiwala. Amateleka ndiwo n'kuchokapo mpaka mphika kupserera. Madzulo amafunsa kuti bambo abwera nthawi yanji kuchokera kudimba, chonsecho bambowo anatisiya kalekale. Tsiku lina anawapeza mbandakucha ataima pakhomo pa eni, atasokera, ndipo anthu ayamba kunong'onezana za ufiti. Mlongo wake wa ku Johannesburg waona pa Facebook kuti ku America kwapezeka jakisoni wochiza matendawa, ndiye akuti pachibale asonkherane ndalama. Funso lake n'lakuti: kodi n'zoona?

Achemwali, pepani kwambiri ndi zomwe mukudutsamo. Ndiyambe n'kunena kuti amayi anu si mfiti, akudwala. Madokotala amati dementia, ndipo mtundu wake wofala kwambiri ndi Alzheimer, dzina la dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, yemwe mu 1906 anapima ubongo wa mayi wina yemwe ankaiwalaiwala chimodzimodzi, n'kupezamo timibulu ndi timaulusi topiringizana tomwe timapha maselo. Bungwe la WHO limati anthu oposa 55 miliyoni ali ndi matendawa, ndipo ambiri mwa iwo ali m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene. Kumuloza munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu m'Malawi muno, malinga ndi lamulo la 1911. Kakambiraneni ndi amfumu msanga, zisanafike poipa.

Jakisoniyo alipodi. Dzina lake ndi lecanemab, ndipo ku America anamuvomereza mu 2023. Mnzake donanemab anatsatira mu 2024. Onsewa amachotsa timibulu tija mu ubongo, ndipo kwa ofufuza omwe akhala akugwa chagada kwa zaka zambiri, ichi n'chinthu chachikulu. Koma sachiza. Pa kafukufuku wa miyezi 18, lecanemab anangochedwetsako kulowa pansi kwa nzeru ndi 27 peresenti, komanso mwa anthu omwe matenda angoyamba kumene. Poyamba lecanemab amaperekedwa pa dripi milungu iwiri iliyonse, ndipo wodwala amayenera kujambulidwa pa makina a MRI pafupipafupi chifukwa ena ubongo umatupa kapena kukha magazi. Mtengo wake unayambira pa madola 26,500 pachaka, osawerengera zojambulazo. Ngakhale ku England, bungwe lomwe limaunika mankhwala a m'zipatala za boma linawakana ponena kuti phindu lake n'lochepa poyerekeza ndi mtengo. Alongo anuwo ali ndi mtima wabwino, koma ndalamazo musazitaye kumeneko. Malinga ndi momwe mwafotokozera, amayi anapitirira kale pomwe mankhwalawa amathandizapo.

Ndalamazo muyambe nazo ulendo wa kuchipatala. Ndikutero chifukwa si kuiwala konse komwe kuli Alzheimer. Kuchepa kwa vitamini B12, vuto la chithokomiro, chindoko chokhalitsa, HIV, matenda okhumudwa, ngakhale matenda a m'chikhodzodzo, zonsezi zimasokoneza mutu wa munthu wachikulire, ndipo zimachizika kapena kuchepetseka. Pitani nawo limodzi, chifukwa okha akanena kuti ali bwinobwino. Mulembe papepala kuti zinayamba liti, ngati zinabwera mwadzidzidzi kapena pang'onopang'ono, ndiponso mankhwala onse omwe akumwa, azitsamba omwe. Ku America mu 2025 anavomereza njira yoyezera Alzheimer m'magazi, m'malo motenga madzi a pamsana. Tsiku lina idzatifika, koma lero dokotala adalira kwambiri zomwe inu mumuuze.

Gawo la kafukufuku lomwe limandipatsa chiyembekezo ndi la kupewa, ndipo likukhudza inuyo ndi alongo anu kuposa amayi. Mu 2024 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Gill Livingston wa ku London linalemba mu magazini ya The Lancet kuti pafupifupi 45 peresenti ya matendawa ingapeweke kapena kuchedwetseka titathana ndi zinthu 14. Zambiri mwa izo timakhala nazo m'nyumba: BP, shuga, fodya, uchidakwa, kunenepa, kuvulala m'mutu, mpweya woipa, kusapita patali ndi sukulu, kukhala wekhawekha, kugontha ndi kusaona bwino. Taganizani za agogo omwe ali ndi ng'ala m'maso, makutu akumva patali. Amasiya kupita kutchalitchi, pamaliro sacheza, amangokhala pakhonde tsiku lonse, ndipo ubongo umasowa chochita. Chonsecho ng'ala amachotsa ndi opaleshoni yaing'ono.

Za BP ndiye ndimazinena mobwereza. Kafukufuku wa SPRINT MIND ku America anasonyeza mu 2019 kuti kutsitsa BP mwakhama kunachepetsa ndi 19 peresenti chiopsezo choyamba kufooka nzeru. Kuno ambiri amamwa mankhwala a BP mutu ukawawa, ukasiya n'kuwaponya m'kabati. Pomwepo timitsempha ta mu ubongo timakhala tikuwonongeka mwakachetechete, ndipo mtundu wachiwiri wa matenda oiwalaiwala umachokera pamenepo ndi pa sitiroko.

Pomwe mukukonza za ulendowo, pezani munthu wachikulire woti azigona nawo m'nyumba, ndipo moto asamasonkhe okha. Akafunsa za bambo musamawauze za maliro tsiku lililonse, chifukwa amalira ngati akumva koyamba. Afunseni zomwe bambo ankalima kudimbako, muwasiye afotokoze. Apatseni nyemba azisankha, chimanga azitonola, muziimba nawo nyimbo za kumvano zomwe ankazikonda, popeza nyimbo zimakhalitsa m'mutu ngakhale mayina atathawa. Mukabwerako kuchipatala mundilemberenso zomwe adokotala apeza.