Haidrojeni wolemera ndi wopepuka amalekana bwanji m'paipi imodzi?

Wowerenga wina amene akuphunzira chemistry wanditumizira imelo yofunsa kuti: popeza protium, deuterium ndi tritium onse ndi haidrojeni, ndipo amachita zofanana akakumana ndi zinthu zina, zimatheka bwanji kuti gas chromatography, njira yolekanitsa mipweya yosakanizana poidutsitsa m'paipi, iwalekanitse?

Achimwene, kufananako sikufika pa kulemera. Atomu ya deuterium imalemera kawiri poyerekeza ndi ya protium, ya tritium katatu. Ndipo poti maatomu a haidrojeni amayenda awiriawiri, mumpweya wosakanizawo mumapezeka mitundu 6: H2, HD, HT, D2, DT ndi T2 (H ndi protium, D ndi deuterium, T ndi tritium). Pakakhala potentha onsewa amangodutsa m'paipi limodzi, osaima, ndiye akatswiri amadalira kuzizira. Amatenga paipi yaitali yodzaza timibulu ta alumina (aluminium oxide), n'kuimiza mu nayitrojeni wamadzi, wozizira mpaka -196°C, kenako helium kapena neon amakankha mpweyawo kuti udutse. Pozizira chonchi mamolekyulu olemera amakakamira pa alumina nthawi yotalikirapo. H2 amatuluka poyamba, T2 pomaliza. Ovuta ndi HT ndi D2, poti kulemera kwawo kumangotsala pang'ono kufanana, moti amatuluka mopondana zidendene.

Pali msampha wina umene ungakupusitseni mu labu. H2 yemweyo alipo wa mitundu iwiri, ortho ndi para, malinga ndi mmene maproton ake awiri amazungulirira. Pa alumina yosapaka kanthu awiriwa nawonso amalekana, ndipo ortho amatulukira pamodzi ndi HD, muyeso n'kusokonekera. Mankhwala ake n'kupaka alumina ija iron oxide, imene imachititsa kuti ortho ndi para azisinthana mofulumira kwambiri mpaka kutuluka ngati chinthu chimodzi.

Koma musaloweze kuti wopepuka amatsogola nthawi zonse. Chitsulo cha palladium chimamwa haidrojeni, ndipo chimagwiritsitsa wopepukayo, kotero m'paipi ya palladium wolemera ndiye amayamba kutuluka. Glueckauf ndi Kitt a ku Harwell, ku England, anasonyeza mu 1957 kuti njirayi ikhoza kupatula deuterium. Mu 1997, pamene makina a kafukufuku a JET ku Culham, ku England komweko, ankayesa kupanga mphamvu pophatikiza deuterium ndi tritium, mapaipi a palladium ndiwo ankapatula tritium wotsala kuti agwirenso ntchito. Tritium satayidwa mwachisawawa: ndi wosowa, amatulutsa cheza choopsa, komanso theka lake limatha lokha pa zaka 12.3 zilizonse.

Kuona kwanga, njira ya alumina imaposa pofuna kudziwa zimene zili mumpweya, ya palladium pofuna kukolola mpweya wocheperako. Ukachuluka, chromatography imachedwa. N'chifukwa chake ITER, ntchito ya makina aakulu ofanana ndi a JET imene ikumangidwa ku Cadarache ku France, inasankha kutcheza haidrojeni wamadzi, kudalira kuti H2 amawira cha pa -253°C pomwe T2 amawira cha pa -248°C.