Lumbiro la magazi lili ndi khomo lolowera lokha

Mdzukulu wanga, wandilembera kuti iwe ndi anzako asanu mukufuna kuyambitsa gulu lachinsinsi ngati la m'mafilimu a kungfu. Mudzicheke chala ndi lumo, mulumbire kuti ndinu abale mpaka imfa, muziteteza ofooka. Ukufunsa ngati pali cholakwika poti Matchaina akale ankatero. Mtima wofuna kuteteza ofookawo ndaukonda. Koma takhala pansi ndikuuze momwe magulu enieniwo analili.

Gulu lotchuka kwambiri m'nkhani zimenezi ndi Tiandihui, kutanthauza gulu la kumwamba ndi dziko lapansi, lomwe Azungu anadzalitcha Triad. Nthano yake imati mfumu ya Qing inatentha kachisi wa Shaolin, n'kupulumuka anthu asanu okha, ndipo asanuwo analumbira kugwetsa ufumu wa Qing kuti abwezeretse wa Ming. Imakoma kumva. Koma akatswiri a mbiri atafufuza m'mabuku a boma la nthawiyo, anapeza kuti gululi linayamba cha m'ma 1760 ku Zhangzhou, m'chigawo cha Fujian, patadutsa zaka zoposa 100 chigwereni ufumu wa Ming mu 1644. Olowamo sanali akatswiri ouluka pamadenga ayi. Anali amuna osauka othawa umphawi kumudzi, amtengatenga, opalasa mabwato, ogulitsa malonda m'misewu, anthu opanda munda, opanda ngakhale wowaika m'manda akafera kutali. Ankalipira ndalama yolowera pofuna wowagwira dzanja akadwala kapena akamenyedwa panjira.

Mwambo wolowera unali woopsadi. Wolowayo ankadutsa pansi pa malupanga, tambala n'kudulidwa khosi, magazi n'kuthiridwa m'mowa, onse n'kumwa. Kenako malumbiro, omwe anadzafika 36, odzaza ndi matemberero a imfa kwa woulula chinsinsi kapena wopereka mbale wake. Apa m'pamene ndikufuna utchere khutu. M'malumbiro otere mulibe khomo lotulukira. Mtsogoleri akasintha mtima, iwe wamangidwa kale, ndipo sungadandaulire munthu poti unalumbira kukhala chete. Mu 1787 Lin Shuangwen anatsogolera abale a Tiandihui kuukira boma ku Taiwan. Pofika 1788 asilikali anali atawagonjetsa, iye n'kukaphedwa ku Beijing, midzi itapsa.

Za ku Shanghai ndiye zimandiwawa mtima. Gulu la Green Gang linaphukira pakati pa anthu ogwira ntchito m'mabwato onyamula mpunga, osauka othandizana. Pofika nthawi ya Du Yuesheng, mmodzi wa mabwana a gululi, linali litasanduka la malonda a mankhwala ozunguza bongo a opium, juga ndi uhule. Pa 12 Epulo 1927 anyamata a gululi anaukira antchito a m'mabungwe a ogwira ntchito, kuthandiza Chiang Kai-shek, mkulu wa asilikali a chipani cha Kuomintang. Osauka kupha osauka anzawo, bwana ali phee m'nyumba yake yabwino. Mafilimu omwe mumaonerawo sakonda kufika pamenepo.

Nanga zoti munthu akakhwima chipolopolo sichimulowa? Anyamata a gulu la Boxer anakhulupirira zomwezo mu 1900. Anapha anthu akunja ndi Akhristu a Chitchaina, kenaka asilikali a mayiko 8 analowa mu Beijing ndi mfuti, ndipo zipolopolo zinalowa. Mu 1901 dziko la China linalamulidwa kulipira siliva wokwana ma tael (muyeso wa kulemera kwa siliva) 450 miliyoni kwa zaka 39, mtolo womwe unagwera anthu wamba pamisonkho.

Usandiuze kuti kwathu kunonso kuli dambwe. Kudambwe mwana amapita makolo akudziwa, mfumu ikudziwa, ndipo pali akuluakulu oyankhapo zikalakwika. Lanuli ayankhepo ndani? Ndipo lumo limodzi pa anthu asanu ndi mmodzi, masiku ano a matenda oyenda m'magazi, ayi mwanawe, zimenezo ndakana.

Ngati ndi kungfu ukuifuna, kaphunzire masana kwa mphunzitsi wodziwika, amayi ako akudziwa komwe uli. Mnzako amene wabweretsa ganizoli ukamufunse pamaso pa onse kuti amene adzafune kutuluka m'gululo mudzamutani. Undilemberenso zomwe akayankhe.