Kodi mwana wanga adikire ntchito zomwe andale akulonjeza?

Mayi wina wa ku Dedza wandilembera kuti: "Mwana wanga wamkazi anakhoza MSCE koma sanasankhidwe kupita ku yunivesite. Pa wailesi tikumva aphungu a boma ndi otsutsa omwe akugwirizana kuti boma liike ndalama zambiri zopezera achinyamata ntchito. Kodi ayambe wadikira, kapena ndigulitse mbuzi akayambe kosi ya zamagetsi?"

Mayi, asadikire. Gulitsani mbuzizo.

Palibe wandale amene angaime pagulu n'kutsutsa nkhani ya ntchito za achinyamata, chifukwa ovota ambiri m'dziko muno ndi achinyamata omwewo. Mu 2020 a Lazarus Chakwera ndi mgwirizano wa Tonse analonjeza ntchito 1 miliyoni, ndipo anthu anaomba m'manja. Choncho aphungu akagwirizana musadabwe, komanso musaganize kuti ndalama yatuluka kale.

Ndalama ya boma imayenda ulendo wautali. Nduna ya zachuma imawerenga bajeti m'Nyumba ya Malamulo, makomiti a aphungu amaiunika, kenako imavomerezedwa unduna ndi unduna. Chaka cha boma chikayamba pa 1 Epulo, nthambi ya zachuma imatulutsa ndalamazo pang'onopang'ono, malinga ndi misonkho yomwe yatoleredwa. Misonkho ikaperewera, malipiro a ogwira ntchito m'boma ndi chiwongoladzanja cha ngongole zimaperekedwa ndithu, koma chitukuko ndicho chimayamba kudulidwa. Ntchito zatsopano zomwe mukuyembekezerazo zimakhala kumeneko. Funsani aphunzitsi omwe anamaliza maphunziro a uphunzitsi wa ku pulayimale (IPTE) n'kukhala pakhomo zaka, pomwe m'sukulu ana ali thithithi m'kalasi imodzi. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa ambiri mwa iwo anachita zonse zomwe anauzidwa.

Sindikunena kuti ndalama za boma sizilemba anthu ntchito. Zimalemba, koma onani amene amalembedwa. Kumene akukonza msewu wa M1, kapena kumene akukumba ngalande yaikulu ya mthirira ku Chikwawa, m'mawa pageti pamadzaza anyamata. Kapitawo akatuluka amayamba waitana owotcherera, omanga, amagetsi ndi oyendetsa makina. Wopanda luso amapatsidwa fosholo kapena mbendera yoimitsira magalimoto, ndipo gawo limenelo likatha nayenso ntchito yatha. Pulogalamu ya boma yotumiza achinyamata m'maofesi kukaphunzira ntchito, yomwe inayamba mu 2018, ndi ya omaliza ku koleji ndi ku yunivesite, ndiye mwana wanu sangalowemo pakalipano. Ndalama zoyambira bizinesi zochokera ku boma, monga za NEEF, nazonso ndi ngongole, si mphatso ya chipani, ndipo zimapindulira amene ali ndi chochita kale m'manja.

Ndiye kosi ya zamagetsiyo mwaganiza bwino. Pali makoleji a ntchito zamanja monga Lilongwe, Namitete, Salima, Soche, Nasawa, Mzuzu ndi Livingstonia, kuphatikizapo makoleji a m'madera omwe anayamba kutsegulidwa mu 2015 pa nthawi ya a Peter Mutharika. Ophunzira osankhidwa kudzera ku TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, amalipira fizi yotsika, chifukwa olemba anthu ntchito amasonkha 1 peresenti ya malipiro a antchito awo kuti ithandize maphunziro amenewa. Atsikana amalimbikitsidwa kwambiri kulowa m'makosi omwe kale ankati ndi a amuna. Mwana wanu asachite manyazi ndi ovolosi. Wamagetsi amapeza ganyu boma lilembe anthu kapena lisalembe: nyumba zikumangidwa, ma sola akuikidwa mpaka kumidzi, zigayo zikuwonongeka tsiku ndi tsiku.

Musanagulitse mbuzi, pitani naye ku ofesi ya zantchito pa boma la Dedza mukafunse nthawi yomwe TEVETA imalandira makalata ofunsira malo. Ngati mwasankha koleji yomwe si ya boma, muuzeni mkulu wake akuonetseni chikalata chosonyeza kuti inalembetsedwa ku TEVETA musanapereke ngakhale tambala imodzi.