Ma solar adikire kaye: yambani ndi dzuwa, denga ndi dothi

Wophunzira wina wa chaka chachiwiri wa zojambula mapulani a nyumba wandilembera kuti: "Atipatsa ntchito yojambula buloko ya makalasi awiri yosawononga chilengedwe. Ndaika ma solar ndi thanki ya madzi a mvula, koma aphunzitsi akuti sindinayambe n'komwe. Ndalakwitsa pati?"

Mng'ono wanga, aphunzitsi anuwo sakukuzondani. Ma solar ndi thanki ndi katundu wogula, ndipo atha kuikidwa pa nyumba iliyonse, ngakhale yojambulidwa mosaganiza. Luso lanu likuoneka pa zimene sizisinthika nyumba ikatha: kumene yayang'ana, mmene denga lakhalira, ndi chimene mwamangira makoma.

Dzuwa lozunza ndi la m'mawa ndi la madzulo, chifukwa limakhala m'munsi n'kulowa pa windo mwachindunji, ndipo khonde silingalitchinge. Choncho buloko yanu italike kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo, mawindo akhale pa makoma aatali oyang'ana kumpoto ndi kummwera, oyang'anizana kuti mphepo idutse m'kalasi. Samalani ndi mabuku olembedwa ku Ulaya ndi ku America. Iwo dzuwa lawo limadzera kummwera, pamene ife mu Juni ndi Julayi limapendekera kumpoto. Ophunzira ambiri amakopera zithunzizo osazitembenuza.

Pa denga ndi pamene ndikufuna muchedwepo. Aliyense amene anaphunzira m'kalasi ya malata opanda siling'i mu Okutobala, makamaka ku Chikwawa kapena ku Nsanje, akudziwa kuti ikamakwana 11 koloko ana amayamba kuwodzera, ndipo mvula ikagwa mphunzitsi samveka. Vuto limeneli katswiri wojambula mapulani a nyumba Francis Kéré analithetsa pa sukulu ya pulaimale ya ku Gando, mudzi wa kwawo ku Burkina Faso, yomwe inatha mu 2001. Anamanga siling'i ya njerwa zadothi, kenako malata anawakweza pamwamba pa zitsulo, kusiya mpata pakati. Mphepo imadutsa mu mpatawo n'kuchotsa kutentha kwa malata kusanatsikire kwa ana, ndipo denga lotambalala limateteza makoma ku mvula. Sukuluyo inapata mphoto ya zomangamanga ya Aga Khan mu 2004, ndipo Kéré analandira mphoto ya Pritzker, yomwe ndi yaikulu kwa ojambula mapulani a nyumba, mu 2022. Chimene chimandisangalatsa n'chakuti anthu a m'mudzimo ndi amene anamanga, ndi dothi lawo lomwe.

Tsono makoma. Uvuni wa njerwa umadya mitengo yambiri, n'chifukwa chake mu 2018 kunabwera malamulo, kudzera ku bungwe loyang'anira zomangamanga la NCIC, oletsa njerwa zowotchera nkhuni pa zomangamanga za boma ndi zikuluzikulu. Ambiri anathamangira ku mabuloko a simenti. Koma simenti nayo si yoyera: kuipanga kumatulutsa pafupifupi 8 pa 100 ya mpweya wa carbon dioxide umene anthu amatulutsa padziko lonse. Ganizirani mabuloko a dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, opanikizidwa pa makina osawotcha, amene amisiri amati ma SSB. Malo odikirira amayi oyembekezera a ku Kasungu, amene anajambula a bungwe lojambula mapulani la MASS Design Group, anamangidwa ndi mabuloko oterewa, ndipo ngati mungathe, pitani mukawaone ndi maso. Kungoti si dothi lililonse loyenera. La makande limang'aluka likauma, la mchenga wokhawokha siligwirana. Thirani dothi la pamalopo m'botolo la madzi, khutchumulani, lisiyeni lidikhe: mchenga ukhala pansi, dongo pamwamba, ndipo muona kuchuluka kwa chilichonse. Lembani zimenezi mu ripoti lanu.

Khoma ladothi mdani wake ndi madzi. Maziko akhale a miyala kapena konkire, okwera kuposa nthaka, ndipo pakati pa maziko ndi khoma pakhale DPC, chotchinga chonga pepala la pulasitiki, kuti chinyontho chisakwere. Ngalande izungulire nyumba. Denga limangiriridwe ku bimu ndi waya kapena zitsulo, poti chaka ndi chaka timamva za masukulu osasuka madenga ndi mphepo. Ndipo funsani kaye ngati malowo ndi oyenera kumangapo. Namondwe Freddy mu Malichi 2023 anakokolola nyumba ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, ndipo pa njira ya madzi yotero palibe khoma limene likanapirira. Nyumba yogwa pakatha zaka zochepa imafuna mitengo, mchenga ndi simenti kawiri.

Bwererani pa tebulo mukajambule chithunzi chodula nyumba pakati, chosonyeza kumene dzuwa la Juni ndi la Disembala likufika, kumene mpweya ukulowera ndi kutulukira, ndi njira ya madzi kuchokera pa malata mpaka mu thanki yanu ija. Mukatero ikani ma solar, oyang'ana kumpoto.