Ana Awiri, Dzina Limodzi

FUNSO: Zikomo alangizi. Ndikulemba pulogalamu ya Python yosungira kaundula wa gulu lathu la banki m'khonde. Mu class ya Membala ndinalemba self.ngongole = 50000, kenako ndinapanga method yowerengera chiwongoladzanja n'kuitchanso ngongole. Ndikaiitana, kompyuta ikungoti "'int' object is not callable". Amayi a m'gulu akufuna kuona ziwerengero Lachisanu. Ndalakwa pati?

Mlembi wa gulu, Nchalo

YANKHO: Achemwali, mwatcha ana awiri dzina limodzi pakhomo pamodzi, ndiye mukaitana amathamangira amene ali pafupi. Mukalemba membala.ngongole, Python imayamba kufufuza zimene munasunga pa membalayo isanakafike ku method za mu class. Yapeza 50000 uja, yakupatsani. Nambalatu siitanidwa ngati method, n'chifukwa chake ikudandaula.

Komabe inu muli ndi mwayi, yakuuzani. Ine zinandionekera ku Ngabu mu Okutobala wina, malata akuchita kulira ndi dzuwa. Ndinkakonza pulogalamu ya m'bale wanga wogula thonje. Method yotchedwa werengera ndinailemba kawiri, ina pamwamba, ina kumunsi kwenikweni, yomwe ndinali nditaiiwala. Python sinanene kanthu. Ikapeza def (mawu oyambira method) ziwiri za dzina limodzi mu class, yam'munsi imafufuta yapamwamba mwakachetechete. Masana onse ndinkasintha yapamwambayo, thukuta lili kamukamu, koma mtengo wa kilo osasuntha ngakhale tambala. Ndinafika pokayikira laputopu.

Java, chinenero china cholembera mapulogalamu, ikanandigwira dzanja pomwepo: method ziwiri zofanana dzina ndi ma parameter (zinthu zimene method imalandira) imakana kuzikompaila. Imalola pokhapokha ma parameter akasiyana. Chizolowezi chimenecho musabwere nacho ku Python.

Chitani chonchi. Chosungidwa chipatseni dzina la chinthu, chochita chipatseni mneni. Ngongole ikhale ngongole, method ikhale werengera_chiwongoladzanja. Ndi lalitali, inde, koma amene adzalandire ulembi pambuyo panu sadzakutukwanani. Mayina ngati ngongole2 ndimadana nawo. Pakatha mwezi simudzakumbuka kuti 2 uja ankatanthauza chiyani.

Mukapeza bandulo, ikani Pylint, chida chofufuza zolakwika m'mapulogalamu a Python. Vuto lanuli imalitcha method-hidden, langa lija function-redefined, ndipo imaloza mzere wake. Netiweki ikavuta, dinani Ctrl+F, sakani dzinalo m'fayilo yonse musanalipereke kwa method yatsopano.

Mukasintha dzinalo, musinthenso paliponse pamene munalemba ngongole(), apo ayi Lachisanu uthenga womwewo udzatulukira pamaso pa amayi asungichuma.