Kodi "Next Level" ya aespa inachokera mufilimu?

Mwafunsa ngati n'zoona kuti nyimbo ya gulu la atsikana la aespa yotchedwa "Next Level" inachokera mufilimu. N'zoona ndithu. Nyimboyi anaiimba koyamba ndi A$ton Wyld, ndipo inamveka mu 2019 mufilimu ya Hobbs & Shaw, momwe Idris Elba akusewera ngati chigawenga chimene thupi lake analiwonjezera mphamvu ndi makina. Kampani ya SM Entertainment ya ku South Korea, imene imayang'anira gulu la aespa, inaikonzanso mu 2021, n'kuikamo mawu a Chikoreya ofotokoza ulendo wa atsikana anayiwa wopita ku Kwangya, dziko lopeka la m'kompyuta. Ineyo ndimakonda kwambiri ya aespa, chifukwa chapakati kayimbidwe kamasintha mwadzidzidzi, ndipo kusinthako kumagwirizana bwino ndi nkhani ya ulendowo.