Chifukwa chake Sam Deeds sanamumange Hollis mu Lone Star

Achimwene, mwafunsa kuti popeza Sam Deeds wathera filimu yonse akusakasaka amene anapha Charlie Wade, sheriff wakale amene anasowa mu 1957, bwanji atamupeza kuti ndi Hollis Pogue wangotembenuka n'kumapita osamumanga, ndipo mukuganiza kuti nayenso wangosanduka wakatangale ngati bambo ake. Ndiyankha motalika, mundipirire. Amene simunaonere Lone Star, ija ya John Sayles ya 1996, lekerani pompano, chifukwa ndiulula zonse mpaka kumathero.

Ine ndimaona kuti Sam sankafuna kwenikweni wakupha Wade. Ankafuna kuti wakuphayo akhale bambo ake. Mukaigwira mfundo imeneyi, zimene wachita kumapetoko zimamveka mwina.

Kumbukirani mmene munthuyu akukhalira m'tauni ya Frontera, kumalire a Texas ndi Mexico. Ndi sheriff, mkulu wa apolisi a m'dera amene kumeneko amachita kumuvotera, koma aliyense akudziwa kuti mavotiwo anawapeza chifukwa cha dzina la malemu bambo ake, Buddy Deeds, amene anali wachiwiri kwa Wade asanakhale sheriff. Kulikonse kumene wapita akumuuza za bambo ake, mmene analili olungama, mmene anathamangitsira Wade, mpaka akuluakulu akukonza zotcha nyumba ya khoti dzina lawo. Chonsecho Buddy amene Sam anamudziwa kunyumba anali bambo wouma mtima, yemwe anakamusolola m'galimoto usiku pamalo oonetsera mafilimu n'kumulekanitsa ndi Pilar, mtsikana yekhayo amene anamukondapo. Ndiye asilikali awiri aja atatola chigaza m'thengo pamene kale ankaphunzirirapo kuombera mfuti, pambali pake pali mphete ndi baji yadzimbiri, kenako n'kupezekanso chipolopolo cha mfuti yaing'ono pamalo pamene pankangolira mfuti zazitali zokha, Chris Cooper, amene anasewera Sam, amaonetsa nkhope ya munthu amene wapeza ndodo yomenyera fano. Mlandu suola, paja amatero, ndipo uwu unali utagona m'dothi kuyambira 1957. Koma chimene chamudzutsa Sam m'mawa uliwonse ndi chakukhosi cha paubwana, chilungamo chikungobwera pambuyo.

Tsono taonani amene anafayo. Kris Kristofferson anasewera Wade mochititsa nthumanzi, munthu woseka pang'onopang'ono dzanja lili pa mfuti. Ankadya ziphuphu kwa aliyense, wamalo odyera, wabala, wozembetsa anthu pamalire. Chimene chimandikhalabe m'maso ndi imfa ya Eladio Cruz. Lole yake yodzaza mavwende yafa pamsewu, pansi pa mavwendepo pabisala anthu ochokera ku Mexico, ndipo tchimo lake ndi loti sanapereke gawo la bwana. Wade akumulankhula mwaulemu, akumuuza kuti atulutse mfuti imene amasunga m'galimoto aione, ndipo Eladio atangotembenuka kuti akaitenge, amuombera kumsana. Akatero lipoti limakhala losavuta kulemba, wakufayo anagwira mfuti. Wachiwiri wake amene anaima pambali akunjenjemera tsiku limenelo anali Hollis Pogue, amene tsopano ndi meya wa tauniyo, akadali mnyamata.

Usiku umene anafa, kubala ina, Wade anayambanso masewero omwewo. Otis Payne, mnyamata wachikuda wogwira ntchito pabalapo, ankachititsa njuga kuseri osapereka kanthu, Wade anamumenya, n'kumuuza kuti atenge ndalama pamene amazisunga, podziwa kuti pomwepo palinso mfuti. Hollis anali ataziona kale zimenezi, ankadziwa chotsatira. Pamene Buddy akulowa pakhomo n'kukuwa, amene anaomba ndi Hollis. Choncho munthu amene inu mukufuna kuti amangidwe anapha wakupha pofuna kupulumutsa mnyamata wachikuda amene anatsala pang'ono kuomberedwa kumsana, m'chaka chimene ku Texas mawu a munthu wakuda m'khoti sakanapambana dzina la sheriff wachizungu. Akanapita kukanena zoona mu 1957, Hollis mwina akanapulumuka, koma Otis sindikhulupirira kuti akanafika nayo Khirisimasi.

Pamalamulo mukunena zoona ndithu, ku Texas mlandu wakupha sufa ndi zaka. Koma Sam ali ndi chiyani m'manja? Mafupa a zaka pafupifupi 40, chipolopolo chimodzi, ndi mawu a madala awiri amene amuuza usiku m'bala yopanda anthu. Buddy anamwalira, mwini bala wa nthawi imeneyo anamwaliranso. Loya aliyense akanangonena kuti Hollis ankateteza moyo wa munthu wina, nkhani n'kuthera pomwepo. Apa sindichedwapo, chifukwa sindikuganiza kuti Sam anawerengera za khoti n'komwe.

Pamene pali nkhani ndi pa zimene Hollis akudandaula Sam akutuluka. Akuti mafupawo akadziwika kuti ndi a Wade, anthu aziganiza kuti anapha ndi Buddy. Sam akuyankha, m'mawu ake achingerezi otukwana pang'ono, kuti Buddy ndi chimphona cha m'nthano, adzausenza yekha mlanduwo. Taganizani bwino. Mwana amene anabwera kudzagwetsa dzina la bambo ake wapeza kuti pa mlandu uwu wokha bambowo manja awo ndi oyera, ndiye iye n'kusankha kuwasiyira mlandu umene sanapalamule, kuti amoyo awiri agone tulo. Ena anganene kuti kumeneko n'kubwezera, wawapaka matope bambo ake mwakachetechete. Ine ndimaona kuti ndi nthawi yoyamba mufilimu yonse imene Sam wawakhulupirira bambo ake, kuti msana wawo ndi waukulu, angathe kunyamula. Ndipo wachita ndendende zimene Buddy anachita mu 1957, kuyeza amene avulale choonadi chikatuluka, n'kutseka pakamwa. Chibale ndi fupa, sichiola, ndipo m'filimu imene yayamba ndi mafupa mwambi umenewu umakhala ngati anaupekera iyo.

Ndiye pofika apa mwina mukuti ndikumuyeretsa Sam ndi banja lake. Ayi, pali pamene ndikugwirizana nanu, kungoti chala chanu mwaloza Hollis pamene chikanaloza kwina.

Kubisa kuja sikunali kwaulere. Anatenga madola 10,000 m'thumba la boma la deralo kuti zioneke ngati Wade wathawa ndi ndalama, ndipo bodza limenelo ndi limene linamanga ufumu wa Buddy. Anthu anakhulupirira kuti mnyamata wolimba mtima uja waopseza chilombo mpaka chathawa, anamuvotera, ndipo anakhala pampando zaka zambirimbiri. Ali pampandopo sankatolera ziphuphu m'malo odyera ngati Wade, n'zoona, koma ankadya mwaukhondo. Akaidi ankagwira ntchito kunyumba kwake. Anthu osauka a ku Perdido, ochokera ku Mexico, anasamutsidwa kuti pamangidwe damu, ndipo madzi atadzaza, malo abwino a m'mbali mwa nyanjayo anapezeka ali m'manja mwa Buddy ndi Hollis. Mtolankhani wina mufilimumo amayesa kuikumba nkhani imeneyi, anthu n'kumamuona ngati wosokoneza chikondwerero. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Sam wazimva zonsezi pofufuza, ndipo palibe chimene wachitapo. Ngati pali pamene ndingamudzudzule ndi pamenepa, chifukwa anthu a ku Perdido sanapulumutsidwe ndi chinsinsi cha wina aliyense, anangoluza nyumba zawo basi.

Ndalama zija zinapita kwa Mercedes, mkazi wamasiye wa Eladio komanso mayi wa Pilar, ndipo ndi zimene anatsegulira malo ake odyera. Poyamba umati eya, bola zinapita kwa wolira. Kenako Sam akupita kwa mkazi wake wakale, uja wosokonekera ndi mpira amene anasewera Frances McDormand, n'kupeza m'katundu wa bambo ake makalata achikondi a Mercedes. Akawerengera zaka, Eladio anafa kale kwambiri Pilar asanabadwe moti sangakhale bambo wake. Chinsinsi chenicheni cha Frontera ndi chimenechi, achimwene, za Wade zija zinali chivundikiro chabe. Akuluakulu a m'tauni ankadziwa kuti Buddy ali ndi mkazi wina, ena ankadziwa ndi dzina lomwe, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anawakhazika pansi ana awiriwo n'kuwauza chifukwa chimene akuwaletsera. Buddy anasankha kuti mwana wake amude moyo wonse kusiyana n'kunena kuti mtsikanayo ndi mlongo wako. Mercedes naye analola mwana wake aziganiza kuti mayi ake amangodana ndi mnyamata wachizungu. Ana amene anawaletsa popanda chifukwa anakula ndi njala, atakumananso ali akuluakulu anagona limodzi asanadziwe kanthu. Malaulo amenewo sanawapange Sam ndi Pilar, anawapanga amene anakhala chete.

Ndikuvomera kuti mathero ake amandisowetsa mtendere mpaka lero. Awiriwo akhala pagalimoto pamalo omwe aja oonetsera mafilimu, tsopano ndi bwinja, chinsalu chake chaboola, Sam akumuonetsa chithunzi cha Buddy ndi Mercedes. Pilar akunena kuti iye sangaberekenso, ndipo agwirizana zopitiriza, mbiri yonse aitaye. Mawu omaliza ndi oti aiwale Alamo. Nthawi yoyamba imene ndinaionera, pa DVD yobwereka ndili ndi msuweni wanga, iye anangoimirira n'kunena kuti azungu awa mitu yawo sikoka, sanafunenso kumva zambiri. Sindinamutsutse. Koma onani kuti tsopano nawonso awiriwa ali ndi chinsinsi chawo choti asunge m'tauni yomweyo, m'badwo wachiwiri wa anthu otseka pakamwa. Sayles sakutiuza kuti tiwaombere m'manja, akungotisiya nazo.

Za Alamo zija zimafuna kufotokoza pang'ono kwa amene mbiri ya kumeneko simuitsata. Texas inali mbali ya Mexico. Mu 1835 azungu okhala kumeneko anaukira, ndipo mu 1836 pa Alamo, ku San Antonio, gulu lawo linaphedwa pafupifupi lonse ndi asilikali a Santa Anna. Kuchokera pamenepo mfuu yoti kumbukirani Alamo inasanduka ngati pemphero la dera lonselo. Texas inalowa mu United States mu 1845, ndipo nkhondo itatha mu 1848 mtsinje wa Rio Grande unakhazikika ngati malire. Pilar ndi mphunzitsi wa mbiri, ndipo mwaona mkangano wa makolo kusukulu kuja, azungu akukalipa kuti ana akuphunzitsidwa mbiri mokomera olephera pankhondo, m'tauni imene anthu ambiri ndi ochokera ku Mexico. Ndiye mphunzitsi wa mbiri akamati tiiwale Alamo, si nthabwala yotsekera filimu. Nthano ya Buddy ndi Alamo yaing'ono ya tauniyo, nkhani imene aliyense amaidziwa pamtima chifukwa mbali yake yonyansa anaidula.

Ngati mukufuna filimu imene obisa mlandu amalangidwa kuti mtima wanu ukhale pansi, pezani Bad Day at Black Rock ya 1955. Spencer Tracy amatsika sitima m'katauni ka m'chipululu nkhondo yachiwiri itangotha, ali ndi mkono umodzi wogwira ntchito, kudzapereka mendulo kwa mlimi wa ku Japan dzina lake Komoko, n'kupeza kuti tauni yonse ikubisa zoti anamupha. Kumeneko zimatheka chifukwa wofufuzayo ndi mlendo, alibe msuweni pamenepo, akamaliza akwera sitima n'kumapita. Sam ndi mwana wapamudzi. Meya Hollis anamuona akukula, Mercedes ndi mayi wa mkazi amene amamukonda, wobisa wamkulu ndi bambo ake omubereka. Ife amene tinakhalapo pabwalo la milandu kumudzi, pamene mboni, wodandaula ndi woimbidwa mlandu onse adzakumana pamaliro amodzi sabata yamawa, sitifunika kutiphunzitsa kulemera kwake kwa zimenezo.

Chinthu chimodzi choti muchite mukapeza mpata, bwererani koyambirira, pamene Hollis akusimba nthano ya Buddy ali patebulo ndi anzake. Kamera imatsika pa kabasiketi ka zakudya kali patebulopo, dzanja likuvundukula, pansi pake pali ndalama, ndipo popanda kudula chithunzi mwapezeka kale muli mu 1957, Wade akulamula Buddy kuti azitolera chiphuphu cha pamalopo, Buddy akukana, mfuti yake waiika poyera. Sayles amachita zimenezi kangapo, zakale ndi zalero m'chipinda chimodzi, ndipo filimuyi inafika popikisana nawo pa Oscar chifukwa cha kalembedwe kake. Mukaonera kachiwiri muona kuti zonse zimene Hollis akusimba za mkangano umenewo ndi zoona, sanawonjezerepo kanthu. Bodza likuyambira pa chiganizo chimodzi chokha, choti m'mawa mwake Wade anasowa ndi madola 10,000. Yang'anani nkhope ya mdalayo pamene Sam akumuuza kuti kuthengo kwapezeka mafupa ndi baji, kenako mudzandiuze ngati mukufunabe kumuveka unyolo.